Bokosi la omaliza msanga: makhadi odzichonga okha aja atheka tsopano

Aphunzitsi anzanga okonda TALULAR (kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera mwathu), makhadi a masamu oti mwana womaliza msanga azidzichonga yekha, amene ndakhala ndikulimbana nawo teremu ino, atheka. Lachisanu lapitali piriyodi ya masamu yatha yonse mu Sitandade 6 mwanga popanda ndi mmodzi yemwe wobwera kudzandiimira kutsogolo ndi kope kuti "madamu ndamaliza, ndiye ndipange chani", ndasangalala zedi moti ndati ndilembe nkhaniyi isanazizire.

Mukudziwa kale mmene zimakhalira. Boma limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma mwanga muli oposa 90, ukalemba ntchito pa bolodi pamapezeka ana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu oti pofika mphindi khumi amaliza ndipo akhoza zonse, pamene iweyo uli kumbuyo uko wagwada pa mwana amene kubwereka pochotsera kukumuvutabe. Omalizawo akakhala chabe amayamba phokoso, apo ayi kope lawo limayamba kuyenda mzere wonse anzawo nkumakopera. Kuwaonjezera masamu ena khumi ofanana ndi oyamba aja ine sindigwirizana nazo, mwana amaona ngati walangidwa chifukwa chochita bwino ndiye mawa lake amayamba kulemba mozengereza dala. Kuwauza kuti athandize anzawo nkwabwino mwa apo ndi apo koma nayenso mwanayo anabwera kudzaphunzira zake. Zomutuma kukasiya makope ku ofesi kapena kukatunga madzi pamene anzake akuphunzira ndiye zimandipweteka mtima kwambiri.

Ndiye chaka chatha ndinayamba bokosi, ndi katoni wamba ya sopo yomata ndi nsalu yakale ya chitenje kuti ilimbe, imakhala pakona pafupi ndi bolodi. Zoyamba kulowamo zinali zosavuta. Magic square ya zitsekerero za mabotolo, walemba 1 mpaka 9 mkati mwa zitsekererozo, mwana aziyale zitatu zitatu kuti mzere uliwonse, chopingasa, chotsika ndi chamtanda, upereke 15. Imeneyi ndimaikonda chifukwa akaipeza funso lenileni limabwera pambuyo, chifukwa chani 5 amakhala pakati nthawi zonse, nanga 2, 4, 6 ndi 8 bwanji amathawira m'makona? Mtsikana wina anakhala nalo funso limeneli mpaka anadzandiuza yekha kuti 5 ndi nambala yokhayo yolowa m'magulu anayi opereka 15, ndipo malo apakati ndi okhawo amene mizere inayi imadutsapo. Palibe anamuuza. Muli tangram, sikweya yodulidwa zidutswa 7 zoyalira zithunzi zosiyanasiyana, yodula pa katoni, muli Tower of Hanoi ya misomali itatu pa kathabwa, imene inayambitsidwa ndi Édouard Lucas wa ku France mu 1883, mwana amasamutsa timabwalo kamodzikamodzi kupita pa msomali wina osaika kakakulu pamwamba pa kakang'ono, timabwalo titatu timasamuka ndi mayendedwe 7, tinayi 15, tisanu 31, ndipo mwana wa Sitandade 6 akalemba manambala amenewa motsatana amatha kulosera yekha kuti chotsatira ndi 63. Bawo ndinayesa kuika koma maenje 32 ndi timiyala 64 m'kalasi ya simenti ndi phokoso lokhalokha, kuonjezera apo oonerera amachuluka kuposa osewera, panopa limatuluka pa buleki basi.

Zonsezi ubwino wake ndi woti mwana amaona yekha kuti zatheka kapena ayi. Vuto linali pa makhadi a masamu enieni a mu silabasi, aja ofuna kumukankhira mwana patsogolo pang'ono pa ma fraction, BODMAS, area ndi perimeter. Amenewa amafuna wochonga, ndiye wochongayo ndi ine yemwe amene ndili kumbuyo kuja. Mayankho akakhala kuseri kwa khadi mwana amangotembenuza. Akakhala mu envelopu ina, envelopuyo imatsegulidwa samu yoyamba isanalembedwe nkomwe. Kupatsa ma group leader kuti azisunga, ma group leader ambiri ndi omwewo omaliza msangawo.

Nzeru ya maphatikizo inabwera nditakhala m'kalasi ya mnzanga wa Sitandade 2 akuphunzitsa kuwerenga ndi mabuku a National Reading Programme aja. Ndinati bwanji yankho lililonse la samu lizipereka phatikizo limodzi, masamu onse akakhozedwa maphatikizowo azipanga mwambi. Mwachitsanzo mutu umodzi susenza denga, mu-tu-u-mo-dzi-su-se-nza-de-nga, maphatikizo 10 masamu 10. Chala chimodzi sichiswa nsabwe nawonso 10. Safunsa anadya phula 8, wabwino pa khadi lalifupi. Pansi pa khadi panali katebulo koonetsa kuti nambala yakuti ndi phatikizo lakuti. Mwana akakhoza zonse mwambi umatuluka bwinobwino, akalakwitsa penapake mawu amathyoka ndipo amadziwa yekha samu yoti abwerere.

Koma ana athuwa miyambi amaidziwa, anaiphunzira kwa agogo awo komanso mu phunziro la Chichewa. Mnyamata wina anangowerengera masamu atatu, wapeza mu, tu, u, basi wadziwa mwambi wonse, kenaka nkuyamba chafutambuyo, kuyang'ana pa katebulo kuti mo ali pa nambala yanji nkulemba nambalayo ngati yankho la samu yachinayi, mpaka khadi lonse latha m'kanthawi kochepa. Nzeru zimenezo ndi zabwino ndithu ndipo ndinamuyamikira, koma masamu asanu ndi awiri sanagwidwe. Kusokoneza ndondomeko ya maphatikizo kunangowachedwetsa pang'ono, akaona nza, nga ndi dzi adziwa kale. Ndinayesa zilapi mmalo mwa miyambi, monga nyumba yopanda khomo, koma yankho lake dzira ndi maphatikizo awiri okha, khadi la masamu awiri silikwanira. Apa mpamene zinandidyera masiku, madzulo aliwonse ndikamaliza kuchonga makope ndi kulemba lesoni pulani ndimayala timapepala pa mphasa mpaka tochi ya foni kuzima.

Chimene chathetsa nkhaniyi ndi kuchotsa katebulo pa khadi nkupanga tchati chimodzi chachikulu cha makhadi onse, chopachika kukhoma. Pa tchatipo pali manambala ambiri oyalidwa kuyambira aang'ono mpaka aakulu, iliyonse ndi phatikizo lake, ndiye popeza makhadi ndi ambiri phatikizo limodzi limapezeka pa manambala angapo. Dzi ali pa malo anayi, chi pa malo asanu, ndipo pa onsewo amodzi okha ndi a khadi limene mwana wagwira. Kuchoka pa nambala kupita pa phatikizo nkosavuta, koma kuchoka pa phatikizo kubwerera pa nambala uyenera kulosera, ndiye pansi pa khadi lililonse ndalembapo nambala imodzi yokha, chiwerengero cha mayankho onse ukawaphatikiza. Wolosera chiwerengerocho sichimukwanira. Mnyamata uja atayesa njira yake ija anaona yekha kuti kuwerengera samu nkwachangu kuposa kulosera.

Mbali imene ndaikonda kuposa zonse ndi ya misampha. Pa tchati ndaikaponso mayankho olakwika, koma osati ongopeka, ndinatenga mulu wa makope a kalasi yanga nkuona mmene ana amalakwitsira kwenikweni. 503 kuchotsa 278 yankho ndi 225, koma mwana amene sabwereka amangochotsa yaing'ono pa yaikulu mzere uliwonse nkupeza 375, ndiye 375 ilipo pa tchati ndi phatikizo losagwirizana ndi mwambiwo. 3 + 4 × 5 ndi 23 koma woyamba ndi kuphatikiza amapeza 35, nayonso ilipo. Munda wa mamita 8 mulitali ndi 5 mulifupi area yake ndi 40, wosokoneza ndi perimeter apeza 26, ilipo. Chifukwa chake nchakuti mwana akapeza yankho lolakwika nkulisowa pa tchati amangodziwa kuti walakwa popanda kuganiza kwambiri, koma akalipeza amapitiriza mosangalala mpaka kumapeto mwambi nkutuluka wopunduka, mu-pa-u-mo-dzi, pamenepo ndiye amakhala pansi nkufufuza yekha kuti zavuta pati. Kufufuza kumeneko ndi kumene ndimafuna kuyambira pachiyambi. Ma fraction ndawapatsa danga lawolawo mmunsi mwa tchati, 1/2 + 1/3 ndi 5/6 ndipo msampha wake ndi 2/5 wa uja wophatikiza zapamwamba pazokha zapansi pazokha, ndipo pa makhadi amenewa chiwerengero cha pansi chija sindiikapo chifukwa kuphatikiza ma fraction khumi ndi ntchito ina payokha.

Chovuta popanga ndi kuonetsetsa kuti manambala asagundane. Yankho lolondola la khadi lina likhoza kukhala msampha wa khadi lina, zimenezo zilibe vuto, koma msampha usapereke phatikizo lomwelo limene yankho lolondola likupereka, apo ayi mwana alakwa koma mwambi utuluka bwino. Komanso nambala imodzi siingakhale ndi maphatikizo awiri, ndiye ukapeza kuti makhadi awiri onse ali ndi yankho la 40 koma lina likufuna se lina likufuna la, uyenera kusintha samu imodzi. Ine ndinayamba ndi tchati, kugawiratu manambala ndi maphatikizo, kenaka nkumapeka masamu oti afike pa manambala amenewo. Amene muli ndi kompyuta pafupi, kaya ya ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'zoni timakumanirako), mukhoza kupanga pa Excel mwachangu, ine ndapangira m'kope la masikweya ndi pensulo ndi labala.

Za zipangizo, katoni yabwino ndi ya mabokosi a mabisiketi kapena a tiyi, yopyapyala koma yolimba yoyera mkati. Bambo wina wa golosale pa msika wathu amandisungira, ndikadutsa Loweruka ndimapeza andimangira kale ndi chingwe, anthu otere Mulungu aziwadalitsa. Kulamineta ku tauni nkodula ndiye ndimakuta ndi selotepu yaikulu ija yomatira makatoni, mizere iwiri kutsogolo iwiri kumbuyo nkupinda m'mbali, ndikapita ku Limbe ndimagula mipukutu ingapo chifukwa kumeneko imatsikako mtengo. Lembani ndi bolopeni kapena permanent marker, inki ya ma marker ena aja imayenderera pansi pa selotepu nyengo ya mvula. Guluu wa ufa wa chinangwa ndimamukonda, ndi amene ndinamatira mchenga pa mapu a Malawi amene ndinapanga zaka zapitazo, koma pa makhadi ayi, mphemvu ndi chiswe zimamutsata. Bokosi lenilenilo Lachisanu limagona m'thumba la pulasitiki pamwamba pa kabati ku ofesi.

Lamulo ndi limodzi lokha, usanagwire bokosi bwereza ntchito yako ya pa bolodi ndipo kope ulisiye lotsegula pa tebulo langa, ndikapeza kuti unathamanga nkulakwitsa zambiri mawa lake bokosi sukhudza. Izi zathandiza chifukwa poyamba ena ankalemba mothamanga kuti akapeze tangram anzawo asanatenge. Ntchito ya m'bokosi imalembedwa kumbuyo kwa kope la masamu ndi nambala ya khadi, Lachisanu ndimangoyang'ana mwachangu kuti ndani wafika pati. Ndaikamonso makhadi angapo osavuta dala, kuti mwana amene samaliza msanga kawirikawiri tsiku limene wakwanitsa apezemo chake, bokosi lisakhale la ana omwewomwewo.

Panopa makhadi a miyambi alipo 12. Ndikufuna pofika teremu yamawa akwane a mitu yonse ya masamu kuyambira Sitandade 5 mpaka 8, a Sitandade 8 ndiwatengere kalembedwe ka mafunso a MANEB kuti aziwakonzekeretsanso PSLCE. Ndayamba kale kudula ma pentomino, zidutswa 12 zija za masikweya asanuasanu, zonse pamodzi zimadzaza bokosi la 6 kwa 10 m'njira 2,339 ndiye ndikufuna tipachike pepala kukhoma tizijambulapo njira iliyonse imene kalasi yapeza tione chaka chikamatha tifika pati. Palinso maganizo a makhadi a Social a nkhope za pa ndalama zathu, Rose Chibambo pa K200, James Sangala pa K100, John Chilembwe pa K500 ndi K2000, mwana alembe chimene munthuyo anachita kenaka apeke yekha samu ya chenji ya pa msika. Koma chachikulu chimene ndikulakalaka nchakuti ana omwewo ayambe kupanga makhadi awo, asankhe mwambi, apeke masamu ndi misampha yake, tizisinthana ndi masukulu ena a mu zoni yathu. Ndiwauza a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni yathu, tikakumana ku TDC mwina angatipatse kanthawi pa CPD, maphunziro aja osula aphunzitsi pa ntchito. Amene muli ndi miyambi ya maphatikizo 8 mpaka 12 yosatchuka kwambiri nditumizireni, yanga yodziwika ija ana aitha kale.