Konkire yakale ya bwalo la ndege la Stapleton

Bwalo la ndege la Stapleton mumzinda wa Denver ku America litatsekedwa mu 1995, panatsala matani oposa 6 miliyoni a konkire ndi phula, ndipo m'malo mokataya zonsezi kudzala, anabweretsa makina ophwanya miyala pamalo pomwepo. Makinawa amasweratu zibuma za konkire, maginito n'kumakoka zitsulo zimene zinali m'kati, kenako masefa amapatula miyala molingana ndi kukula kwake. Miyalayo inakagwiranso ntchito pomanga misewu ndi nyumba, kuphatikizapo za pamalo pomwe panali bwalolo.

Ine chimene chimandikopa kwambiri n'chakuti malole sayenda maulendo awiri, wokataya zogumuka ndi wokatenga miyala yatsopano kukwale, motero dizilo amapulumuka ndipo mapiri sagumulidwa mwachisawawa. Komabe ndisabise, miyala yotereyi imamwa madzi kwambiri chifukwa cha simenti yakale yomwe imamatirira, n'chifukwa chake akatswiri ambiri amaikonda pa maziko a msewu kusiyana ndi pothira konkire yatsopano. Fumbi lakenso limawononga mapapo, choncho pophwanyapo pamafunika kuwaza madzi nthawi zonse.