Mitala ndi Baibulo: zimene ndinapeza nditawerenga ndekha

Agogo anga aamuna anali ndi akazi awiri, ndipo anakhala zaka zambiri akuyenda ku kalasi ya ubatizo osabatizidwa, chifukwa akulu a mpingo anawauza kuti madzi sangawakhudze pamutu kufikira atachotsa mkazi wamng'ono. Tsiku la Mgonero ankakhala pa benchi ya kumbuyo, chipewa chili pabondo, n'kumayang'ana anzawo akulandira mkate. Atakula anagonja, ndipo popeza ukwatiwo unali wa chitengwa, agogo aang'onowo anabwerera kwawo ndi ana atatu, atasenza mphasa ndi mtolo wa zovala. Nkhani imeneyi ndiyo inandichititsa kufufuza ndekha ngati Baibulo limaloladi mitala kapena limaletsa.

Choyamba chimene ndiyenera kuvomereza n'chakuti palibe vesi limene limanena mwachindunji kuti mwamuna asakwatire mkazi wachiwiri. Chilamulo cha Mose sichichita manyazi potchula maukwati oletsedwa, monga tikuonera pa Levitiko 18, koma chikafika pa mitala chimangoika malire. Pa Eksodo 21:10, mwamuna amene watenga mkazi wina sayenera kuchepetsa chakudya, zovala ndi mangawa a ukwati a mkazi woyamba. Pa Deuteronomo 21:15-17, mwamuna wa akazi awiri saloledwa kulanda ukulu wa mwana woyamba kubadwa chifukwa chakuti mayi wake ndi wosakondedwa. Lamulo la pa Deuteronomo 25, lofanana ndi chokolo cha kwathu kuno, silifunsa n'komwe ngati mbale wa malemuyo ali kale ndi banja. Ngakhale mneneri Natani, podzudzula Davide pa 2 Samueli 12, sanamuwerengere akazi amene anali nawo, koma anamuimba mlandu wolanda mkazi wa Uriya ndi kupha mwini wake. Amene amalalikira kuti Chipangano Chakale chimaletsa mitala akunena zimene sizinalembedwe.

Komabe munthu akasiya malamulo n'kuyamba kuwerenga nkhani za mabanjawo, amaona kuti olemba ake sanabise misozi. Wamitala woyamba ndi Lameki, wa mbumba ya Kaini, amene pa Genesis 4 akudzitama pamaso pa Ada ndi Zila kuti wapha munthu. Hagara, mdzakazi wa Sara amene anaberekera Abrahamu mwana, tikumupeza m'chipululu madzi atamuthera m'thumba, atagoneka Ismaele pansi pa chitsamba ndi kukhala potero kuti asaone mwana wake akufa. Nkhani imene imandipweteka koposa ndi ya Leya, mkazi woyamba wa Yakobo, amene mayina a ana ake ali ngati madandaulo. Atabereka Rubeni anati tsopano mwamuna wake amukonda, ndipo atafika pa mwana wachitatu, Levi, anali akadayembekezabe kuti mwina Yakobo adziphatika kwa iye. Mkazi wobereka ana aamuna motsatizana, koma akupemphabe chikondi m'nyumba yake yomwe! Hana nayenso ankalira osadya chaka ndi chaka ku Silo chifukwa cha chipongwe cha mkazi mnzake Penina, ndipo mawu a Chiheberi amene 1 Samueli 1:6 amagwiritsa ntchito potchula mkazi mnzake amachokera ku tsinde limodzi ndi mawu otanthauza nsautso. Za Amnoni ndi Abisalomu, ana a Davide obadwa kwa amayi osiyana, ndi mlongo wawo Tamara, komanso za Solomo ndi akazi ake 700 ndi apambali 300 amene anapotoza mtima wake, n'zodziwika kwa aliyense amene anapitapo ku Sande sukulu.

Pamene ine ndinakhazikika ndi pa Mateyu 19. Afarisi anafunsa za kusudzulana, koma Yesu anawabweza ku chiyambi, pamene Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, nati awiriwo adzakhala thupi limodzi. Mawu akuti awiriwo sapezeka m'Chiheberi cha Genesis 2:24, koma ali m'Baibulo lakale la Chigiriki, ndipo ndi amene Uthenga Wabwino waika pakamwa pa Yesu. Iye anawonjezera kuti zina Mose anazilola chifukwa cha kuuma mtima kwa anthu, pamene pachiyambi sizinali choncho, ndipo ndimakhulupirira kuti mitala ili m'gulu lomwelo la zololedwa zimene sizinali cholinga cha Mlengi. Paulo akuyenda njira yomweyo pa 1 Akorinto 7:2, pamene akuti mwamuna aliyense akhale ndi mkazi wakewake ndi mkazi aliyense mwamuna wakewake, ndiponso pa 1 Timoteo 3:2, pamene akufuna woyang'anira mpingo akhale mwamuna wa mkazi mmodzi. Choncho Mkhristu wokwatira amene akufuna kutenga mkazi wina lero n'kumabisala kumbuyo kwa Abrahamu, ine sindingamuvomereze, ndipo ndingamupemphe kuti akayambe wamva za Hagara.

Koma ndime yomweyo imene imati awiriwo imatinso chimene Mulungu wachimanga munthu asachilekanitse, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti agogo anga analakwiridwa. Vutoli si lachilendo. Bishopu John Colenso wa ku Natal, ku South Africa, anatsutsa kale m'zaka za m'ma 1850 mchitidwe woumiriza Azulu otembenuka mtima kuthamangitsa akazi awo, koma msonkhano wa mabishopu a Anglican wa ku Lambeth unagamula mu 1888 kuti amuna amitala asabatizidwe. Panapita zaka 100 kuti msonkhano womwewo, mu 1988, uvomereze kuti wamitala wolandira Uthenga angathe kubatizidwa pamodzi ndi akazi ake okhulupirira ndi ana, malinga alonjeze kuti sakwatiranso wina, ndiponso kuti asakakamizidwe kuchotsa aliyense wa iwo. Kuno kwathu nkhani yomweyi inali chimodzi mwa zifukwa zimene zinabala mpingo wa African National Church kumpoto kwa Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Sindinapeze ndime iliyonse imene mtumwi anauza munthu wotembenuka mtima kuti ayambe wathamangitsa mayi wa ana ake asanalowe m'madzi, pamene Malaki 2 amadzudzula poyera amuna ochitira zosakhulupirika akazi amene anapangana nawo. Agogo aang'ono aja anakwatiwa ankhoswe a mbali zonse alipo, ndipo sanaswe lamulo lililonse limene ankalidziwa. Pa maliro a agogo aamuna anabwera wapansi kuchokera kwawo, koma sanalowe m'nyumba ya siwa mmene munali namfedwa. Anayala chitenje chawo pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi alendo, ndipo anakhala pomwepo mpaka anthu atabwerako kumanda.