Buku lopanda chikuto lomwe ndinagula ku Kwachena

Loweruka lapitali ndinapita ku msika wa Kwachena ku Tete kukagula tomato ndi kapenta basi, ndalama zinali zowerengeka, nde ndikudutsa mbali ija ya zovala za kalamidade ndinaona mnyamata wina atayala mabuku pa saka pansi. Ambiri anali a sukulu, a Chipwitikizi, masamu ndi zina zotero, koma pakati pawo panali kabuku kamodzi konenepa kopanda chikuto, mapepala ake atafiira ngati masamba a fodya. Nditatsegula tsamba loyamba mtima unangoti phaa. If Tomorrow Comes, la Sidney Sheldon. Mnyamata uja anati 50 metikali, sindinanenerere ngakhale pang'ono, kapenta ndinagula wochepa tsiku limenelo.

Kuti mumvetse chifukwa chake mzimayi wamkulu ngati ine angaime padzuwa la ku Tete, dzuwa loti mwezi wa October limadutsa madigiri 40, n'kumawerenga chiimirire pakati pa msika, ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Kwathu ndi ku Angónia, kufupi ndi Domwe. Nkhondo itafika povuta mu 1986 tinathawira ku Dedza monga anachitira anthu ambirimbiri a kwathu, mwayi wathu unali woti kumeneko kunali azakhali anga okwatiwa, chilankhulo chimodzi, nsima yomweyo, kungoti sukulu inali ya Chingerezi. Mwana wa azakhali wamkulu, amene tonse tinkangoti achimwene, anali ku sekondale ndipo pansi pa mphasa yawo sipankasowa buku. Oyamba kuwaona anali a James Hadley Chase, aja a zikuto za atsikana atagwira mfuti, ankawakuta ndi nyuzipepala kuti azakhali asaone. Tsiku lina ndinaba limodzi n'kukabisala nalo kuseri kwa nkhokwe. Chizungu changa chinali cha sitandade 6, pa tsamba lililonse mawu khumi kapena kuposa ndinkangowalumpha, koma ndinamva kuti pali munthu waphedwa, pali ndalama zasowa, ndipo pali wina akunama. Zinandikwanira zimenezo. Ndinaiwala kuti andituma kudimba.

Patapita zaka m'pamene ndinadziwa kuti Chase uja sanali wa ku America nkomwe, anali Mngelezi, dzina lake lenileni René Raymond, ndipo buku lake loyamba la mu 1939 analilemba akuyang'ana pa mapu ndi m'buku la mawu a m'misewu ya ku America. Zinandisangalatsa kwambiri zimenezi, kuti iyenso Amerika wakeyo ankachita kumuganizira ngati mmene ndinkachitira ine kuseri kwa nkhokwe.

Koma amene anandigwira mtima zenizeni ndi Sheldon. Bambo ameneyu anayamba kulemba manovelo atakwanitsa kale zaka 50, asanatero ankalemba mafilimu ndi zapa TV, mpaka analandirapo mphoto ya mafilimu ya Oscar, nde mwina n'chifukwa chake mutu uliwonse amauthera pamalo poti sungagone usanatsegule wotsatira. Ndipo akazi ake si aja ongolira kudikira wina adzawapulumutse ayi. Tracy Whitney, wa m'buku ndagulali, ankagwira ntchito ku banki, zonse zili bwino, ali pafupi kukwatiwa m'banja lolemera, kenako anthu oipa anamutchera msampha n'kumutsekeretsa kundende pa mlandu woti sanapalamule, mwamuna uja n'kumutaya. Potuluka anatuluka munthu wina. Pali malo ena pa sitima yapamadzi pomwe amasewera chesi ndi akatswiri awiri nthawi imodzi, aliyense chipinda chake, iye osadziwa masewerawo, amangotenga zomwe wasuntha uyu kukasuntha kwa uyo, ndiye kwenikweni akuluakuluwo akusewera okhaokha osadziwa. Ndinawerenga malo amenewo mwina kasanu. Tangoganizani, mtsikana wothawa nkhondo, woti kusukulu ena ankatinena kuti ndife a Mozambiki obwera kudzatha chimanga, kuwerenga za mkazi amene analandidwa chilichonse koma nzeru zake palibe anazikhudza. Sindinkafuna kukhala wakuba ngati iye, ayi ndithu, chomwe ndinkafuna ndi mutu wozizira uja.

Mabuku a Jackie Collins anabwera mochedwerapo, titabwerera kale kwathu pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa pa 4 October 1992. Kubwerera kunali kowawa, nyumba kulibe, minda yasanduka tchire, sukulu n'kuyambanso mu Chipwitikizi chomwe ndinali nditaiwala. Achimwene ankabwera kudzatiwona kudzera pa malire a Calomue, m'chikwama muli sopo, shuga, ndi buku limodzi kapena awiri. Tsiku lomwe anabweretsa Hollywood Wives anandiuza kuti, achemwali, ili musalisiye poyera. Zoona mabuku a mayi ameneyu ali ndi zolaula zambiri, sindibisa, buku lake loyamba la mu 1968 mpaka analiletsa ku Australia ndi ku South Africa. Koma ine chomwe ndinatengamo ndi china. Ndinali ndisanaonepo nyumba ya dziwe losambiramo, magetsi kwathu kunalibe, ndinkawerengera pa koloboyi mphuno n'kuda ndi utsi, koma ndinazindikira anthu onse a m'bukumo. Mkazi woopa kuti mwamuna wake watha ntchito ndipo anzake amusala, mkazi wochita phwando lalikulu ndi ndalama zangongole kuti anthu asadziwe kuti zinthu zavuta, miseche, nsanje, kuonetsana zovala. Zomwezo zimachitika pa chitsime komanso pa ukwati kwathu, kungosiyana kuti iwo ndi diamondi ife ndi kapulana yatsopano. Jackie Collins ankawadziwa anthu amenewo chifukwa ankakhala nawo, mkulu wake ndi Joan Collins uja wa mu sewero la pa TV la Dynasty. Anamwalira mu 2015 ndi khansa ya m'mawere, matenda omwe anawabisa kwa zaka, ndipo nditamva ndinadandaula ngati wamwalira munthu wa m'mudzi mwathu.

Pali aphunzitsi ena, sindiwatchula, anandipeza nalo buku lina m'kalasi n'kundilanda, anati ndi zinyalala zowononga mutu wa mwana wamkazi. Mpaka lero sindigwirizana nawo. Mabuku olemera ndimawalemekeza, nditamva mu 2021 kuti mayi Paulina Chiziane alandira Prémio Camões, mphoto yaikulu ya olemba m'Chipwitikizi, ndinanyadira ngati Mmozambiki aliyense, ndipo ndawerenga zolemba zawo. Koma ndikanafika bwanji kwa iwo chikhala kuti sindinayambe ndazolowera kukhala pansi maola atatu ndi buku, osakakamizidwa, osayembekeza mayeso? Chizolowezi chimenecho anandipatsa ndi omwe ankatchedwa zinyalala aja. Ngakhale ntchito yomwe ndimagwira pano, yolemba mapepala a katundu wodutsa pa malire, ndinaipeza chifukwa cha Chizungu chomwe ndinatola m'mabuku omwewo. Komanso ngakhale pakanapanda ntchitoyo, kusangalala kokhako kunali kokwanira, munthu wovutika nayenso amafuna kakhomo kotulukira madzulo.

Chomwe chinkapweteka ndi amalume, Mulungu awasunge, ankang'amba mapepala a kumapeto kukapichirira fodya. Mabuku awiri sindinadziwe mathero ake mpaka lero.

Nthawi zina ndikakhala mu chapa kuwoloka mlatho wa Samora Machel, ndikuona Zambezi pansi, mathiraki ali ndondondo ochokera ku Zóbuè kulowera ku Cuchamano, fumbi la malasha la ku Moatize, anyamata osintha ndalama pa malire, alendo m'mahotela omwe anamangidwa nthawi ya migodi itatentha, ndimadzifunsa kuti kodi n'chifukwa chiyani palibe watilembera buku lotere m'chilankhulo chathu, lochitikira konkuno. Zonse zilipo, ndalama, chinyengo, chikondi, anthu olemera usiku umodzi n'kusaukanso usiku umodzi. Mtsikana wa ku Tsangano wogulitsa kachewere amene waona chinthu choti samayenera kuona m'thiraki usiku, imeneyo ine ndingawerenge mpaka tambala kulira.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, iye ndi wa manovela a ku Brazil ndi mavidiyo a pa foni, megabaiti ikatha amangokhala ndwii. Chizungu amachimva pang'ono. Lamlungu madzulo anandipeza pakhonde ndi buku lopanda chikutoli, kutentha kosagoneka m'nyumba, anati amayi mukumwetulira chiyani nokha. Ndinayamba kumufotokozera m'Chichewa, koyambirira kokha, za foni ya usiku yomwe Tracy analandira yomuuza kuti mayi ake amwalira. Mwana wangayo foni yake anaiika pansi. Lolemba anabweranso ndi mnzake wa nyumba yoyandikana, dzulo analipo anayi pa mkeka, ine ndimawerenga tsamba chamumtima kenako n'kuwauza, malo ena osayenera ana ndimawalumpha. Tafika poti Tracy ali kundende ndipo kamwana ka mkulu wa ndende kagwera m'madzi iye ali pafupi kuthawa. Ndinatsekera pomwepo. Anakuwa onse, amayi musatero, ndiye anathawa kapena anabwerera? Ndawauza abwere lero ikangokwana 7, atatsuka mbale.