Ulendo wa ku London: makobidi a Aroma ndi mpunga wopanda ndiwo

Anzathu amene munatsala ku Leeds, musamve za m'maluwa. Basi inanyamuka mochedwa chifukwa cha munthu yemwe uja amatilipiritsa faini tikachedwa ku chipeleganyu. Abambo msungichuma, faini yanu tikuidikirabe.

Ku British Museum salipiritsa pakhomo, ndipo palibe anasangalala kuposa iwowo. M'chipinda cha ndalama, nambala 68, mayi wina anatigwiritsa makobidi akale n'kutifotokozera za Aroma. Kuyambira nthawi ya mfumu Augustus, timakobidi tinayi tamkuwa totchedwa as tinkapanga khobidi limodzi la sestertius, ma sestertius anayi n'kupanga denarius yasiliva. Amkuwawa ambiri ali ndi zilembo SC, chidindo cha nyumba ya malamulo ya Senate. Kumaso kuli mutu wa mfumu, kumbuyo zodzitamandira zake. Nero anaikapo doko la Ostia ndi zombo zake, Hadrian anaikapo Britannia, mayi woimira dziko la Britain, wokhala pamiyala ndi mkondo ndi chishango. Agogo anangoti, "Nanga Kamuzu sanali pa tambala?"

Mkangano unabuka pa mfumu Vespasian. Sestertius yake ya chaka cha 71 ili ndi kanjedza ndi mayi wolira, kunyadira kugwetsa Yerusalemu mu 70. A dikoni anakakamira kuti imeneyi ndiyo anaonetsa Yesu pa nkhani ya msonkho. Achemwali a kukwaya anawakumbutsa mwaulemu kuti ijayi inali denarius, komanso m'masiku a Tiberius, Vespasian asanalote n'komwe ufumu. A dikoni akuti ayamba afunsa abusa. Titamva kuti mfumu yomweyi inkakhometsa msonkho ngakhale pa mkodzo umene ochapa zovala ankagwiritsa ntchito, tonse tinacheukira kumodzi. Dzina latsopano la a msungichuma muzilidziwiratu.

Koma za nkhomaliro! Tinayala zitenje ku Russell Square, mapoto a mpunga n'kutsegula, kenaka zii. Poto wa nkhuku anatsala m'basi, basi itapita kukaima kutali. Anyamata akuti anauzidwa kunyamula "zolemera", ndiye ananyamula zakumwa. Amayi a tcheya, amene anadzuka tambala asanalire kukazinga nkhukuyo, sanayankhule ndi aliyense mpaka madzulo. Tinadya mpunga ndi kambuzi, nkhunda zikutiyang'ana. Nkhuku tinaidya pobwerera, yozizira, ndipo mapiko anasowa tisanafike ku Luton. Omwe ankakhala mpando wakumbuyo akudzidziwa.

Zikomo amayi a tcheya, mutikhululukire. Zikomo alembi potisonkhanitsa, achemwali chifukwa cha mandasi amene anatipulumutsa, ndi agogo potiimbitsa njira yonse. A Vespasian, malisiti tiwaone Loweruka.