Fistula yanga yosefera magazi ili pa kakolo

Papita zaka 6 chiyambire kusefa magazi pa makina, impso zanga zitasiya kugwira ntchito chifukwa cha BP. Fistula ya pamkono wamanzere inatseka patatha zaka ziwiri, ya kumanja sinakhwime n'komwe. Mapaipi a pakhosi amene ndinakhala nawo nthawi yaitali anachepetsa njira ya mitsempha ikuluikulu ya pachifuwa, moti mkono unkangotupa. Tsiku lina dokotala anandiuza mosabisa: "Bambo, kumtundaku misewu yatha. Tiyang'ane kumiyendo."

Kwathu ukati fistula, anthu amaganiza za vuto la amayi ovutika pobereka. Iyi ndi ina. Dokotala amalumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi wobwerera kumtima, kuti wachiwiriwo ukule, ulimbe, uzitha kubayidwa singano ziwiri zazikulu nthawi iliyonse yosefa.

Anayamba ndi kupima. Anandigoneka chagada, napaka mafuta ozizira kuyambira pabondo mpaka kuphazi, n'kumatsata mitsempha ndi makina ounikira. Kenako anayeza BP ya pakakolo n'kuiyerekeza ndi ya pamkono. Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. Fistula imaba magazi ena amene akanapita kuphazi, ndiye ngati mitsempha ya mwendo ndi yofooka kale, monga zimakhalira kwa ambiri odwala shuga, zala zikhoza kuzizira, kuchita zilonda, ngakhale kudulidwa. Ine shuga ndilibe, ndipo mitsempha yanga inapezeka yabwino. Njira ina ya kumiyendo ndi kuika kapaipi kapulasitiki pantchafu, kamene kamagwira msanga koma sikachedwa kulowa matenda.

Tsiku la opaleshoni ndinafika osadya. Anandibaya jakisoni wa pamsana, miyendo inachita dzanzi, koma ndinali maso. Anang'amba pang'ono mbali ya mkati ya kakolo, n'kusoka mtsempha waukulu wodutsa kutsogolo kwa fupa lija pamodzi ndi wogunda wa kuseri kwake. Atamaliza, namwino anatenga dzanja langa n'kuliika pamwamba pa bandeji. Ndinamva kunjenjemera kosalekeza, ngati foni ikulira m'thumba. "Kumeneku kukasiya, musadikire kuche, bwerani pompopompo," anatero.

Masabata oyamba anali owawa. Ndikaima pang'ono phazi linkatupa mpaka nsapato osalowa, choncho ndinkakhala mwendo uli pamapilo. Mayi a kunyumba ankandigwira zala m'mawa ndi madzulo kuti amve ngati zili zofunda, n'kumayang'ana balalo ngati likufiira kapena kutuluka mafinya. Sokosi zothina ndinazisiya, kupiringiza miyendo nakonso ayi.

Chimene chinandiyesa mtima ndi kudikira. Fistula ya pamkono imatha kukhwima pa masabata 6 mpaka 8, koma mtsempha wa mwendowu ndi wokhuthala, sufutukuka msanga. Wanga unatenga miyezi inayi, ine ndikusefera pa kapaipi ka m'mphechepeche, ndikuopa usiku uliwonse kuti kapaipiko kalowa matenda n'kuyamba kutentha thupi.

Tsiku loyamba kuubaya, namwino anakoka mpando n'kukhala kumapazi kwanga, nafufuza mtsempha ndi chala pang'onopang'ono. Singano yoyamba inalowa, yachiwirinso, magazi anayenda m'machubu kwa maola anayi makina osalira ngakhale kamodzi. Patatha masabata awiri anandichotsa kapaipi kaja, ndipo bala litapola ndinasamba thupi lonse ndi ndowa yodzaza, osaphimba paliponse ndi pulasitiki.