Ngongole ya foni yamumanitsa ntchito yolongedza makatoni

Lachitatu usiku. Nkhani ya mtsikana uja yakana kuchoka m'mutu, ndiye ndangoti ndiilembe. Ndi mwana wa kutchalitchi kwathu kuno ku Joni, kwawo ndi ku Mangochi, mapepala ake okhalira kuno ali bwinobwino. Wabwera madzulo ndi envulopu m'manja, maso ali psu.

Ntchito yomwe ankafunayo inali yolongedza katundu m'makatoni ku nyumba ina yosungiramo katundu cha ku Germiston, kudzera ku kampani ina yopezera anthu ntchito. Mafunso anakhoza, mpaka anamufunsa saizi ya ovolosi ndi nsapato. Kenako zii. Ataimba kachitatu, mayi wina anangomuuza kuti dzina lake silinayere ku credit.

"Unasainira chiyani kumeneko?"

"Mapepala anali ambiri, ankolo. Amangoti sainani apa, apa ndi apa. Pamzere tinalipo gulu."

"Ntchitoyo umayenera kugwira ndalama? Thilu, malisiti, makiyi a sefa?"

"Ayi, makatoni basi ndi tepi."

Apa ndi pamene mtima wanga unayamba kuwawa. Lamulo la South Africa la National Credit Act la 2005, makamaka malamulo ake aang'ono omwe anakonzedwanso mu March 2015, silibisa mawu. Wolemba ntchito, kapena kampani yomupezera antchito, angaone mbiri ya ngongole ya munthu pokhapokha ngati ntchitoyo ikufuna kukhulupirika pogwira ndalama, ndipo zimenezo zikhale zolembedwa momveka m'ndondomeko ya ntchitoyo. Chachiwiri, mwini wake avomereze kaye. Ziwirizi zimayendera limodzi. Siginecha payokha siitsegula chitseko: wasaina inde, koma ngati ntchito ndi ya makatoni, yosesa kapena ya m'khitchini, panalibe chifukwa chofufuzira ngongole zake. Kashiya, wowerengera ndalama, wokonza malipiro, dalaivala wotolera ndalama kwa makasitomala, amenewo nkhani ndi ina.

Vuto ndi lakuti chilolezocho chimakwiriridwa m'fomu imodzi pamodzi ndi cha milandu ya kupolisi ndi cha satifiketi za sukulu. Munthu wanjala ya ntchito sawerenga timalemba tating'ono anzake khumi akudikira cholembera.

Ngongole yake ndi iyi. Anatsegula akaunti m'sitolo ina ya zovala, mchimwene wake n'kumunyengerera kuti amutengerepo foni, azibweza yekha mwezi ndi mwezi. Anabweza kanayi, kenako anakwera basi ya ku Malawi. Sitolo sidziwa mchimwene, imadziwa amene anasaina. Mtsikanayu amalumbira kuti kalata sanalandirepo, ndipo ndikumukhulupirira, chifukwa chichokere nthawi imeneyo wasamuka zipinda ziwiri n'kusinthanso nambala. Lamulo limati wokongoza achenjeze munthu masiku 20 ogwira ntchito asanakamupereke ku credit bureau (kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu) ngati wolephera kubweza, koma chenjezolo limapita ku adiresi yomwe munthu analemba tsiku lotsegula akaunti.

Anthu amati "ndili pa blacklist" ngati kuli buku limodzi lakuda kwinakwake. Kulibe. Kuli makampani angapo, monga TransUnion, Experian ndi XDS, ndipo iliyonse ili ndi faelo yake ya munthu yemweyo. Zomwe zili kwina mwina kwina kulibe. M'faelomo muli zinthu zosiyana msinkhu. Muli mbiri ya kabwezedwe ka mwezi ndi mwezi, yosonyeza kuti watsalira miyezi ingati, ndipo imeneyi imakhala mpaka zaka zisanu. Muli chidindo choipa, monga "default" (walephera kubweza) kapena "handed over" (waperekedwa kwa otolera ngongole), chomwe chimakhala chaka chimodzi. Muli chigamulo cha khoti, chomwe chimakhala zaka zisanu ngati sichinalipidwe kapena kufafanizidwa. Mumaonekanso amene anafufuzapo dzina lako. Chomalizachi ndiye ndinamukanikizira kwambiri, chifukwa ndi umboni: dzina la amene anafunsa ndi tsiku lake zimalembedwa.

Ndinamuuza kuti mawa asayambe n'kukalongolola ku ofesi kuja. Ayambe n'kutenga lipoti lake. Ndi laulere kamodzi pa chaka ku bureau iliyonse, ndipo kudziyang'anira wekha sikuwononga mbiri. Atenge kwa onse atatu, osati mmodzi. Kwa ife obwera pali kamsampha ena saadziwa: mbadwa zimadziwika ndi nambala ya ID ya manambala 13 yomwe sisintha, pomwe ife faelo imamangidwa pa nambala ya pasipoti. Ukatenga pasipoti yatsopano nambala imasintha, ndiye munthu mmodzi angakhale ndi mafaelo awiri, ina yakale ya ngongole, ina yatsopano yopanda kanthu. Apereke nambala zonse ziwiri. Ayang'anenso bwino tsiku lobadwa ndi kalembedwe ka dzina, poti a Banda ndi a Phiri kuno sitiwerengeka, ndipo ngongole ya mwini ingakumatirire.

Chikapezeka cholakwika, adandaule ku bureau komweko, ndipo asachoke pafoni osalandira nambala ya dandaulo. Iwo ali ndi masiku 20 ogwira ntchito oti apeze umboni kwa wokongoza. Umboni ukasowa, afufute. Mtsikanayu akapanda kukhutira, kuli ofesi yomva madandaulo ya National Financial Ombud Scheme, komwe ofesi yakale ya Credit Ombud inalowa mu 2024, ndipo salipiritsa. Za kufufuzidwa popanda chifukwa ziyenera kupita ku National Credit Regulator, bungwe loyang'anira za ngongole, ku Midrand.

Koma yake si yolakwika, ngongoleyo ilipodi. Njira yake ndi kupempha sitolo imuuze m'kalata ndalama yotsekera akaunti yonse, alipire ku akaunti ya banki yolembedwa m'kalatamo, osati kwa munthu woimba foni, kenako atenge kalata yoti wamaliza. Wokongoza ali ndi masiku asanu ndi awiri oti adziwitse ma bureau, iwonso asanu ndi awiri oti achotse chidindo choipacho. Anthu ambiri amagwa mphwayi apa, chifukwa miyezi yomwe unatsalira imaonekabe m'mbiri ya kabwezedwe. Chomwe chimachoka ndi chidindo. Ndipo aja omata mapepala m'mapolo a magetsi kuti "timayeretsa dzina" asawapatse olo R50. Palibe chomwe angachite chomwe iye sangachite yekha mwaulere, ndipo choona sangachifufute.

Ndinamufunsanso kuti ndalama yomaliza inalowa liti. Ngongole yamtunduwu imafa pakatha zaka zitatu popanda kulipirako, popanda kuivomera, komanso popanda samani ya khoti. Otolera ngongole amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amachonderera kuti "ingoikaniko kangachepe", chifukwa kangachepeko kamayambitsanso kuwerenga zaka. Yake yangotha chaka ndi miyezi, ndiye njira imeneyo palibe.

Tiyi anazizira m'kapu osamwa. Ine chondikwiyitsa sichinathebe mpaka pano, ndipo si mtsikanayu yekha ayi. Maganizo a mabwana ndimawamva: amati munthu wopanikizika ndi ngongole angakopeke kutola za m'thilu. Pa ntchito ya ndalama sinditsutsa kuti ayang'ane, bola amufunse mwini wake afotokoze. Koma lipoti silinena chifukwa. Silinena kuti ntchito inatha, kuti kumudzi kunagwa maliro ndipo thupi linafunika kunyamulidwa kuchoka kuno, kuti mchimwene anathawa. Limangoti miyezi itatu, miyezi isanu ndi umodzi. Komanso amene anakongola kwa mashonisa wa pakona, katapila weniweni wolanda khadi la banki, faelo yake imaoneka yoyera mbee, chifukwa wokongoza wosalembetsa sapereka mbiri kulikonse. Amene akupanikizika koopsa njira yosefera anthuyi siimugwira. Imagwira yemwe anakongola poyera, ndi dzina lake lenileni. Ndiye munthu walephera kubweza chifukwa alibe ntchito, akumukaniza ntchito chifukwa sanabweze. Abweza ndi chiyani?

Kaya inali nthawi yanji pamene anafunsa funso lomwe landisowetsa tuloli. Kunja kunali kutada kale.

"Ndiye ndikadandaule, ankolo?"

Ndinamuuza zoona, kuti ufulu ali nawo, ndipo lipoti likasonyeza kuti anamufufuzadi, mlandu wake ndi womveka. Iye anangoyang'ana pansi n'kunena kuti kampani yomweyo ndi imene imalowetsa anthu m'nyumba zambiri za katundu kumbali imeneyo, anzake awiri analowera komweko, ndipo December akubwera pomwe amatenga anthu ambiri aganyu. Akadandaula, dzina lake lidziwika. Lamulo lingamupatse chilungamo pakatha miyezi, pomwe lendi ikufunika pa 1.

Sindinamukakamize. Tagwirizana kuti Loweruka abwere ndi mapasipoti onse awiri, titenge malipoti, tione kaye zomwe zalembedwamo. Potuluka anati ayesanso kumuimbira mchimwene wake uja, ngakhale WhatsApp yake yakhala pa kachizindikiro kamodzi kuyambira Pasaka. Za kudandaula sananenepo kanthu, inenso sindinafunsenso.