Maluwa a pamphambano yathu ku Chinamwali

Ndikamachokera m'tauni ya Zomba madzulo ndimatsikira dala pasiteji ya kumtunda kuti ndidutse pamphambano pamene pali maluwa athu. Ndikuti athu ngakhale malowo alibe mwini. Kale pamenepa panali dzala. Anzanga amene tinakulira limodzi kuno akukumbukira mulu wa zinyalala umene unkafuka utsi usana ndi usiku, agalu ndi akhwangwala akulimbirana makoko a nthochi, ife ana tikudutsa titatseka mphuno.

Kagulu kathu kanayamba ndi amayi anayi a mumpingo, mmodzi mwa iwo mayi anga. Kanalibe dzina, kanalibe malamulo olembedwa, ngakhale msungichuma. Mayi ankagwira ntchito yapakhomo kumtunda cha ku Mulunguzi, ndipo tsiku limene wosamala m'munda wadulira mpanda wa bougainvillea ndi hibiscus, iwo ankatola timitengo totayidwato n'kubwera nato atakulunga m'chitenje. Imeneyo ndiyo inali mbewu yoyamba. Mpaka lero sitinagulepo duwa ndi ndalama, timangopemphana.

Anthu ankawaseka. Ngakhale bambo anga, tsiku lina atawaona akutuluka ndi khasu m'bandakucha, anafunsa kuti, "Kodi amayi a mwana, maluwawo tidyera nsima?" Funsolo silinali lachabe, chifukwa pomera duwa pakanamera mpiru kapena nkhwani. Mayi anangoti, "Maso nawonso amafuna kudya, bambo," n'kumapita.

Luso lenileni tinakalitenga ku Botanical Garden, kumunsi kwa phiri, pafupi ndi hotela ya Masongola. Munda umenewu unayamba mu 1891 nthawi ya Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ndipo amene ankauyang'anira anali Alexander Whyte, yemwe uja dzina lake linalowa m'dzina lasayansi la mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Likulu la dziko linachoka ku Zomba mu 1975, koma mundawo unatsala, mtsinje wa Mulunguzi ukuyendabe pakati pake. Tsiku lina ndili wamng'ono mayi ananditengera kumeneko, ndipo bambo wina wogwira ntchito m'mundamo anagwada pansi n'kutionetsa kadulidwe kake. Anasankha nthambi yokhwima pang'ono, yonenepa ngati pensulo, anaidula mopendeketsa pansi pa mfundo, anasiya mfundo zitatu, anathothola masamba onse kupatula awiri akumsonga, n'kuizika mumchenga wonyowa wosakaniza ndi dothi lakuda. "Muike pamthunzi, mayi, ndipo musamaizule kuti muone ngati yagwira." Mawu omalizawo ankanena ine, poti anaona kuti manja anga sakhazikika.

Chimene ndaphunzira m'zaka zonsezi n'chakuti kubzala n'kosavuta. Dziko lathu lakhala likubzala mitengo mwamwambo kuyambira 1976, pamene Kamuzu anakhazikitsa tsiku lobzala mitengo la pa 21 Januwale, ndipo masiku ano tili ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Nthawi imeneyo aliyense amabwera, mvula imathirira yokha, chilichonse chimaoneka ngati chagwira. Mayeso amabwera mu Okutobala. Dzuwa likang'amba, jakaranda atachita maluwa ake ofiirira m'misewu ya m'tauni, pamphambano pathu nthaka imakhala gwa ngati njerwa. Apo ndiye umadziwa amene ali m'gulu ndi amene anangobwera kudzajambulitsa.

Madzi timagula pakiyosiki, ndiye sitingamwaze chisawawa. Khomo lililonse la m'gulu lili ndi tsiku lake, ndipo ambiri timasunga madzi otsukuluzira zovala ndi mbale, amene alibe sopo wambiri, n'kuwanyamula m'ndowa dzuwa likapendeka. Patsinde lililonse timakumba kambale kuti madzi asathawe, kenaka timaphimbira ndi udzu wouma. Chiswe chikayamba timathira phulusa la m'mbaula. Mbuzi ndiye nkhani ina. Chaka china zinadya mitengo ya mbawa yonse imene tinabzala, kungotsala umodzi. Tinakadandaula kwa amfumu, iwo anaitanitsa eni ziweto, koma chimene chinatipulumutsa ndi timipanda tansungwi ndi minga timene anyamata anatilukira. Mbawa umodzi uja lero ndi umene amaimikapo njinga akabaza podikira anthu.

Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo kwa ife linabweretsa manja atsopano, makamaka achinyamata. Ndinakondwa nazo. Koma ndinene mosabisa, kusesa pakokha sikukwanira. Malo ukawasesa n'kuwasiya mbee, pakutha pa sabata majumbo ndi mabotolo abwerera, chifukwa malo opanda kanthu amaoneka ngati akudikira zinyalala. Pamene pali maluwa munthu amachita manyazi. Ndinaonapo ndi maso anga mayi wina atasenza beseni la zinyalala, wafika pamphambano, waima, wayang'ana hibiscus wofiira uja, n'kupitirira nalo kukataya kudzenje. Palibe anamuletsa, panalibenso chikwangwani.

Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi ochokera kuphiri anasefukira m'ngalande n'kukokolola pafupifupi theka la munda wathu. Poyerekeza ndi anthu amene anataya abale ndi nyumba, zathu zinali zazing'ono, ndipo kwa milungu ingapo palibe amene anatchula za maluwa. Titabwererako tinapeza kuti mbali imene tinabzala mzere wa udzu wa vetiva nthaka sinasunthe, poti mizu yake imalowa pansi kwambiri. Mzerewo tinabzala monyinyirika, ena akuti udzu si duwa. Tsopano tazunguliza malo onse, ndipo amene ankakana ndiwo akugawira anzawo timapata.

Mwa amayi anayi oyamba aja atsala mayi anga okha. Miyendo siikuwalolanso kugwira khasu, koma Loweruka lililonse timawayalira mkeka pansi pa mbawa. Loweruka lapitali tinali kudzaza dothi m'mapaketi akale a Chibuku, amene timagwiritsa ntchito m'malo mwa machubu, kukonzekera mvula yoyamba. Mwana wanga wamkazi anazika kamtengo kake, patangopita kanthawi n'kuyamba kukagwedeza. Agogo ake anamuona ali chikhalire pamkeka paja. "Iwe, siya! Usamazule kuti uone ngati kagwira." Anabweza dzanja msanga, n'kunyamula paketi yake kukaika pamthunzi pamodzi ndi enawo.